Nsanja ya Mzati Umodzi

Dziko la Mawamawa musavutike kulifuna pa mapu, chifukwa munthu amene anatumidwa kukalijambula akudikirabe galimoto. Koma lilipo ndithu, likulu lake ndi Dikirani, ndipo pa nthawi ya nkhani yathuyi linkalamulidwa ndi Mfumu Sindilakwa Yachiwiri.

Kumeneko kunali mwambo wa kulawa. Chinthu chilichonse chatsopano, mfumu ndiyo inkayamba. Chimanga chachiwisi sichinkakazingidwa mfumu isanalume, mjigo sunkapopedwa mfumu isanamwe. Anthu a kutsidya kwa mtsinje wa Pirirani anakhala zaka ziwiri akuwoloka atapinda mathalauza, mlatho uli pomwepo, wopentedwa bwinobwino, ukudikira phazi la mfumu. Ngakhale bambo ake a mfumuyi, Sindilakwa Yoyamba, anafera pa ntchito yomweyi, tsiku limene m'dzikomo munafika mankhwala atsopano a makoswe.

Chaka china Koleji ya Chifumu ya Nzeruzafika inatulutsa kabuku konyezimira kolengeza maphunziro anayi atsopano: a zachilengedwe, a maloboti, a kapangidwe ka zinthu m'mafakitale, ndi masamu apamwamba. Achinyamata analembetsa mwaunyinji. Ndiye nduna ya maphunziro, a Ndavomera, munthu amene khosi lake linazolowera kupita m'mwamba ndi pansi basi, anakumbutsa bwalo kuti maphunziro atsopano nawonso ndi chinthu chatsopano. Lamulo linatuluka tsiku lomwelo: palibe wolandira satifiketi ya phunziro lililonse mfumu isanalembe mayeso ake ndi kukhoza.

Maphunziro atatu anayenda ngati madzi. Mayeso a zachilengedwe anali kubzala mtengo, ndipo kuti anthu oonerera apeze poima, anagwetsa nkhalango yonse ya kuseri kwa koleji. Mfumu inabzala kambande kamodzi, inapeza malikisi 100, mbuzi inadya kambandeko madzulo ake. Malowo masiku ano amatchedwa Idalipo.

Ku maloboti kunali kalasi, mphunzitsi ndi chikwangwani, koma loboti lenilenilo linali lisanafike. A Ndavomera anadzipereka. Anavala malata, ndowa kumutu, n'kuima pakati pa bwalo. Mfumu inati khala, anakhala. Inati imirira, anaimirira. Inati omba m'manja, malata anachita kulira. Anthu anavomereza kuti loboti lomvera chonchi sanalionepo, ngakhale ena ankanong'onezana kuti malatawo sanali ofunikira n'komwe.

Fakitale ya koleji inkapanga chinthu chimodzi chokha, maliboni odula potsegulira zitukuko. Mayeso a mfumu anali kudina batani. Magetsi anali atathima kuyambira Lolemba, choncho antchito anabisala kuseri kwa khoma, ena akupukusa makina ndi manja, ena akulira ndi pakamwa ngati injini. Apanso 100.

Kenako panatsala masamu, ndipo masamuwo anali m'manja mwa Mayi Elube Kachingwe.

Musaganize kuti anali mayi wolimba mtima. Ankaopa agalu, mphenzi ndi makalata a boma. Vuto lawo linali dzanja. Zaka makumi awiri ndi zinayi akuphunzitsa, dzanja lawo linali lisanachongepo yankho lolakwa, ndipo bolopeni yofiira imene ankaibaya m'tsitsi inkadziwika ndi koleji yonse. Pepala la mfumu litafika pa tebulo lawo, atalikulunga mu nsalu yagolide, anayamba apemphera, kenako anatsegula.

Funso lina linkati, theka la khumi ndi chiyani? Mfumu inalemba kuti, "Mfumu sigawana." Lina linkati, basi ikanyamuka 8 koloko n'kuyenda makilomita 60 pa ola, ifika nthawi yanji pamalo a makilomita 120? Mfumu inalemba kuti, "Ikafika." Funso lachisanu ndi chiwiri linali la nsanja yotalika mamita khumi ndi awiri, yofuna mzati pa mamita awiri aliwonse mbali zonse ziwiri. Mizati ikhale ingati? Apa mfumu inachita kukanikiza cholembera: "Umodzi. Dziko lonseli laima pa mzati umodzi, ndiye ine. Nanji nsanja?"

Funso limodzi lokha ndilo inakhoza, lija la munthu amene anali ndi mbuzi khumi wina n'kumutengera zonse. Kuchotsera ndi luso limene a kunyumba yachifumu amabadwa nalo. Mayi Kachingwe anawonkhetsa kawiri, anawonkhetsanso kachitatu akuyembekeza chozizwitsa, koma zinatuluka zomwezo. Malikisi naini.

Pepalalo a Ndavomera analitsekera m'kabati, n'kulengeza kuti zotsatira zituluka mawa. Mawa ameneyo anatha zaka zitatu. Ophunzira a maphunziro enawo anavala mikanjo, anajambulitsa, anapita. Ophunzira a masamu 37, amene anakhoza onse, anatsala manja ali m'khosi. Ena anayamba kabaza, ena kugulitsa mazira owiritsa pa depoti. Mayi Kachingwe akamadutsa mumsewu ankayang'ana pansi, chifukwa kulikonse kunali mwana wawo wowapatsa moni mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unkawapweteka kwambiri.

Amene ankawadya mtima koposa anali Tobiyasi Mlenga, bambo wa ana awiri, amene mutu wake unkagwira masamu kuposa wina aliyense amene anamuphunzitsapo. Iyeyu anatsegula kashedi ka ukalipentala mu msika wa Tapirira. Kampani ina yomanga misewu m'dziko loyandikana nalo inali itamulonjeza ntchito yoyeza misewu, koma inanenetsa kuti satifiketi ifike mwezi usanathe, apo ayi malowo apita kwa wina.

Sabata yoyamba ya mwezi umenewo, Mayi Kachingwe anaitanidwa ku bwalo la nduna. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anatsanzika aneba ngati munthu wopita kuchipatala, n'kukagwada kutsogolo kwa nduna khumi ndi zisanu ndi zitatu zimene zinali zitangomaliza kudya. Mfumu inakhala pampando wake ikutokosa m'mano.

"Mayi," anayamba a Ndavomera mokoma, "bwalo lino silikukupemphani kuti muname. Ayi ndithu. Likungopempha kuti pa naini wanuyo muike wani kutsogolo, maziro awiri kumbuyo, nainiyo n'kumufufuta."

"Bwana nduna," anayankha Mayi Kachingwe, "ndayesa. Usiku ndi usana ndayesa. Dzanjali likukana."

"Tidule dzanjalo," inatero nduna ya zaumoyo.

Nduna ya zamalamulo inatsokomola n'kuimirira. Inati nkhaniyi ndi yophweka. Mfumu silakwa, dzina likunena, malamulo akunena. Mayiwa nawonso akuti sanalakwe pochonga. Ngati mfumu sinalakwe, mphunzitsi sanalakwe, ndiye kuti olakwa ndi masamuwo. Bwalo lonse linaomba m'manja mpaka mfumu inasiya kutokosa m'mano.

Lamulo linalembedwa pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo mayankho a mfumu ndiwo anali masamu a dziko, otchedwa Masamu a Chifumu. Mfumu yakhoza ndi 100. Mwambo wopereka satifiketi uchitika Loweruka lomaliza la mwezi.

Mtima wa Mayi Kachingwe unadumpha ndi chimwemwe chamanyazi. "Ndiye kuti ana anga alandira mapepala awo?"

"Ana ati?" anafunsa a Ndavomera. "Aja analemba zosiyana ndi mfumu? Mayi, inu ndinu mphunzitsi. Munthu akalemba zosiyana ndi yankho lolondola amakhala watani? Alephera onse. Mukachongenso mapepala awo, ndipo Loweruka limenelo mudzapereka satifiketi imodzi, ndi manja anu."

Anatuluka m'bwalomo osaona njira. Miyendo inawatengera yokha ku msika wa Tapirira, kumene wailesi inali italengeza kale lamulolo, ndipo anthu anali atayamba kulitsata ndi mtima wonse, monga amachitira anthu a ku Mawamawa akafuna kuseka popanda kumangidwa.

"Mundidulire theka la kabichi," ankatero bambo wina pa benchi ya a Nachisale, mayi wamkulu wogulitsa ndiwo zamasamba.

"Theka linathetsedwa m'mawa uno, achimwene. Mfumu sigawana. Tengani yense kapena mukadye lamulo."

Kondakitala wa minibasi anafunsidwa kuti galimoto ifika nthawi yanji ku Idalipo. "Ikafika," anayankha. "Koma phunziro limeneli ife tinakhoza kalekale, bwanji sanatipatse mikanjo?"

Tobiyasi anali pa shedi yake moyandikana ndi a Nachisale, akupala thabwa limene linali losalala kale. Ataona aphunzitsi ake anavula chipewa. Nkhani anali ataimva.

"Tobiyasi, mwananga, ndakulakwira," anatero Mayi Kachingwe. Misozi inali pafupi. "Ndikanangolemba 100 chaka chijachi, bwenzi pano uli kutali."

"Mukanalemba, madamu, pepala langa likanakhala ngati la a maloboti aja. Musadandaule." Anaseka pang'ono, kuseka kowawa. "Mwamva zinazi? A ku koleji andipatsa ntchito yomanga nsanja ya mwambowo. Mamita khumi ndi awiri. Ndimange ndekha poti ndikaonerepo mwayi wanga ukupita."

"Umanga ndi mizati ingati?" anafunsa a Nachisale akuwaza madzi pa mpiru.

"Khumi ndi inayi, amayi. Isanu ndi iwiri uku, isanu ndi iwiri uku."

"Iwe ukufuna kukagona kupolisi eti? Wailesi yanena katatu kuti mzati ndi umodzi. Ife osaphunzirafe tamva, iwe wakukoleji sunamve?"

Anthu a mabenchi oyandikana anaseka. Mayi Kachingwe okha sanaseke. Anaima chilili, dzanja lili pa bolopeni ya m'tsitsi, akuyang'ana mulu wa matabwa. Mantha amene anawagwira pamenepo anali aakulu kuposa a kubwalo kuja, chifukwa tsopano anali ataona njira, ndipo njirayo inkadutsa pafupi kwambiri ndi ndende.

"Tobiyasi," anatero chapansipansi, "a Nachisale akunena zoona. Ndiwe mwana womvera. Mvera lamulo."

Tobiyasi anamvetsa chimene ankatanthauza. Kenako anatenga pensulo kukhutu n'kuyamba kulemba pa thabwa.

Kuimika nsanja ya mamita khumi ndi awiri pa mzati umodzi kunafuna masamu ambiri kuposa nsanja yabwinobwino. Tobiyasi anayeza, anachotsa, anayezanso masiku asanu ndi limodzi, mpaka chinthucho chinaima pakati pa bwalo la koleji ngati lichero pamwamba pa munsi. Mphepo ikawomba chinkagwedeza mutu. A Ndavomera atabwera kudzayendera ntchito, anachizungulira katatu, thukuta likutsika. Akanati chiyani, poti yankho la funso lachisanu ndi chiwiri analiwerenga okha pa wailesi?

"Zokongola," anatero potsiriza. "Muikepo maliboni ambiri."

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo, ngakhale mtengo woti liswe panalibe, poti yonse inapita ndi maphunziro a zachilengedwe. Msika wonse wa Tapirira unatseka n'kubwera. Ophunzira 37 aja anaima kumbuyo m'zovala zawo za masiku onse. Mayi Kachingwe anaima pafupi ndi makwerero a nsanja, satifiketi ya mfumu ili m'manja, yosasainidwa. M'chikwama mwawo munali masatifiketi ena 37 amene anawalemba zaka zitatu zapitazo, komanso mswachi ndi chitenje chapadera, kuchitira kuti mwina sabwerera kunyumba.

Mfumu inatsika m'galimoto itavala mkanjo wa mayadi khumi. Inali munthu wathupi, paja zaka makumi awiri za kulawa sizipita pachabe. Inayenda pa kapeti ng'oma zikulira, amayi akululutira, mpaka inafika pa makwerero. Nthawi yomweyo khwangwala anatera kumapeto kwa nsanja. Nsanja yonse inapendekeka mwaulemu, n'kulira kuti kweee. Khwangwalayo anaona kuti pamenepa si pokhala, anauluka.

Ng'oma zinayamba kuchepa mphamvu.

"Inayo ili kuti?" inafunsa mfumu.

"Iti, Mwinidziko?" anatero Tobiyasi atagwada.

"Mizati."

"Funso lachisanu ndi chiwiri, Mwinidziko. Tatsata yankho lanu ndendende."

Mfumu inayang'ana mzati uja, inayang'ana mimba yake, inatembenukira kwa nduna. "Ndavomera, takwera uone ngati mipando aiika bwino."

A Ndavomera anadzigwetsa pansi chafufumimba. "Wawa, Mwinidziko! Ine ndani kuti ndilawe nsanja yatsopano mfumu isanalawe? Mwambo wa makolo, wawa! Ndiphe ndi dzanja lako... ndi dzanja lanu, koma mwambo sindiswa!" Aka kanali koyamba m'moyo wawo kukana chinthu, n'chifukwa chake lilime linaterereka.

"Kwerani, mfumu yathu!" anafuula a Nachisale kuchokera m'khamulo. "Tabwera kudzaona masamu akugwira ntchito!"

Khamu lonse linalandira. "Kwerani! Kwerani!" Chikondi cha anthu pa mfumu yawo sichinamvekepo mokweza chonchi m'mbiri yonse ya Mawamawa.

Mfumu inaika phazi pa thabwa loyamba la makwerero. Nsanja inalira. Inabweza phazilo. Mwina inakumbukira bambo ake ndi mankhwala a makoswe aja, sitidziwa. Inakodola Mayi Kachingwe ndi chala, n'kutsitsa mawu kuti amve awiri okha.

"Mayi, ana anuwo analemba ingati?"

"Khumi ndi inayi, Mwinidziko."

"Onse?"

"Onse 37."

"Ndiye ikanakhala khumi ndi inayi, munthu wa... wa ulemerero ngati wangawu?"

Pakamwa pa Mayi Kachingwe panayankha pokha. "Mukanavina pamwamba pake ndi nduna zanu zonse, Mwinidziko."

Mfumu inaitanitsa chimkuzamawu, n'kuima pomwepo pa dothi, kumene inaona kuti n'kodalirika.

"Anthu anga a Mawamawa! Lero mtima wanga wawawa. Ndaona Masamu a Chifumu, masamu opatulika, akugwiritsidwa ntchito pa matabwa ndi misomali! Ndamva kuti afika mpaka pa kabichi! Kodi chovala cha mfumu amakolopera m'nyumba?"

"Ayiii!" linayankha khamu.

"Choncho ndikulamula kuti kuyambira lero, Masamu a Chifumu ndi a kunyumba yachifumu kokha. Tiziwagwiritsa ntchito powerenga anthu obwera ku misonkhano yathu, matumba a chimanga m'nkhokwe za boma, ndi zitukuko zimene tachita. Inu anthu wamba simukuyenera masamu amenewa. Ndakulandani! Bwererani ku masamu anu akale a mizati yambirimbiri, ndipo musadzandilirire!"

"Chilango chake n'chowawa, koma tipirira," anatero a Nachisale, ndipo anthu anaomba m'manja mpaka fumbi linakwera.

Mayi Kachingwe anagwada. Mwayi ngati umenewu sukhalitsa ku Mawamawa, umatha kusanduka mawa. "Mwinidziko, ndiye ana awa, poti ndi anthu wamba, mapepala awo achongedwe ndi masamu ati?"

"A anthu wamba, nanga ati? Koma ine ndiyambe."

Anasolola bolopeni m'tsitsi. Pa satifiketi ya mfumu, pamene panalembedwa kuti Masamu, anawonjezera mawu awiri, a Chifumu, n'kulemba 100. Dzanja silinakane, chifukwa m'phunziro limenelo mfumu inalidi yosapambanika. Mfumu inalandira, inajambulitsa, ndipo mwambo wa kulawa unakwaniritsidwa.

Kenako anatsegula chikwama, anakankhira mswachi pambali, n'kuyamba kuitana mayina. Anaitana onse 37 ali padzuwa, opanda mikanjo, ena atasiya njinga za kabaza pampanda. Pofika pa dzina la Tobiyasi Mlenga mawu anawathera, anangomupatsa pepalalo akulira poyera, osachita manyazi. Tobiyasi analandira ndi manja awiri, analipinda mosamala m'thumba la malaya, ndipo Lolemba m'mawa anakwera basi ya kumalire, imene inafika itafika, koma mwezi usanathe.

Wailesi ya boma inalengeza kuti ophunzira 3,700 alandira masatifiketi a masamu, ndi kuti mfumu inaima maola atatu pa nsanja ya mzati umodzi osagwedezeka. Palibe anadabwa. Aliyense ankadziwa masamu amene anawerengera.

Koma chimene Mayi Kachingwe anapita nacho kunyumba ndi china, chimene anachiona okha. Mwambo uli mkati, antchito anabweretsera mfumu mpando watsopano kuti ipumulepo. Mfumu isanakhale, inayang'ana uku ndi uku, inawerama pang'ono ngati ikukonza nsapato, n'kuyamba kuloza miyendo ya mpandowo ndi chala, milomo ikuyenda. Umodzi, iwiri, itatu, inayi. Itatsimikiza, inakhala.

Mayi Kachingwe anagwira bolopeni yawo. Pepala lija likanakhala pafupi, akanafufuta naini n'kulemba teni.